Magiredi

Zaka khumi ndi zinayi ndakhala pa sikelo
pa depoti ya thonje cha ku Msekera.
Dzanja langa likalowa m'belo limadziwa lokha:
ili layera, ili linavumbwa,
ili athiramo mchenga kuti lilemere.
Ndimalemba giredi ndi choko, mlimi nkumadandaula,
ine osacheuka.

Lero ndili pa benchi, pachipatala chachikulu cha Chipata,
chipewa pabondo,
ndipo wokwera sikelo ndi mwana wanga.

Tikambenji wavala majuzi awiri mu Okutobala,
pamene phula la mseu wa ku Mwami likuwotcha mapazi.
M'mikono mwake mwamera cheya ngati cha mwanapiye.

Tinayamba ndi magazi.
Anansi ku Mchini anali atamupima kale ndi maso:
"Ndi matenda aja."
Katatu konse pepala linabwera loyera.
Chifuwa chilibe kanthu, shuga palibe, njoka za m'mimba mulibe.
Azakhali ake anatchula sing'anga wa ku Katete.
Kutchalitchi anati asale kudya masiku atatu.
Kusala! Mwana amene anali atasala kale chaka chathunthu
ife tikumuyamikira kuti sali wadyera.

A dokotala Shawa anajambula makwerero papepala,
masitepe anayi, otsika.
"Apa mpoyambira: amakana za mafuta,
amadula mbatata pakati, amati ndadya kale kusukulu.
Apa thupi layamba kudzidya lokha, kumwezi amasiya kupita.
Apa mtima umayenda ngati ngolo ya ng'ombe zotopa,
akaimirira dziko limazungulira.
Apa," cholembera chinaima,
"apa sitidikira mawa."

Anatchula dzina, anorekisiya.
Ndinati, kodi si nthenda ya azungu imeneyo?
Ine njala ndimaidziwa, ndinadyapo gaga ndi mango aawisi ophika,
ndipo chaka chino kuchipinda kuli matumba asanu ndi atatu.
Iwo anati, "Iyi si njala yosowa, bambo. Ndi mantha.
Kalilole amamunamiza, iye nkumakhulupirira."

Ndinafunsa monga amandifunsira alimi,
mawu ali pansi:
nanga wangayu ali pa giredi iti?

"Sikelo yati sitepe yachiwiri.
Koma sikelo siweruza yokha.
Timawerenganso miyezi imene wadwala, kugunda kwa mtima,
ndi liwu limene limamukalipira m'mutu akaona mbale."

Pamenepo ine, amene ndagwirapo mabelo mazanamazana
onyowetsedwa dala usiku,
ndinakumbukira botolo lalikulu la madzi
limene anagugudiza pageti tisanalowe,
ndi thumba la juzi lija, lolendewera mbali imodzi.
Mabatire a tochi yanga amene ndinawasowa dzana.
Kukhosi kunauma. Kuneneza mwana wako?
Ndinanena.

Anandiyang'ana ngati ndamugulitsa pa Kapata.
Anamupimanso madzulo, wopanda juzi,
ndipo cholembera chinatsika sitepe imodzi.
Wachitatu. Bedi la pafupi ndi zenera.

Kuntchito kwathu thonje likatsika giredi latsika,
palibe amalikwezanso.
Ndinawauza zimenezo a dokotala. Anapukusa mutu:
"Makwerero awa amakwereka.
Koma musamuunjikire chakudya tsiku limodzi,
thupi lotere mukalithamangitsa mtima umadzidzimuka.
Sipuni ndi sipuni, ndi wina womvera zimene akuopa."

Tsopano ndi sabata yachiwiri.
Kunja anyamata a njinga akuimba mabelu kuitana okwera,
phiri la Kanjala lachita chifunga cha lupsa.
Tikambenji wagwira kapu ya phala ndi manja awiri
ngati wagwira khala la moto.
Sanandilankhule kuyambira tsiku lija.
Nesi wati ndisamawerenge masipuni, iye amandiona.
Choncho ndikuyang'ana pazenera,
choko chili m'thumba la malaya, sindichikhudza,
koma khutu silimvera nesi:
sipuni yagunda kapu kachisanu ndi chimodzi.
Dzulo inalekera pa kanayi.